Ulendo wa ku Osaka ndi ana atatu aang'ono: tithandizeni maganizo

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Ndakupatsani moni nonse pagulu pano, makamaka inu amene mukukhala ku Japan kapena munapitako ndi ana. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, akuphunzira pa yunivesite ina mumzinda wa Osaka, ndipo watiitana kuti tikamuone asanamalize maphunziro ake chaka chamawa. Tikufuna kupita banja lonse: ine, bambo a kunyumba ndi ana athu atatu. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 7, wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 4, ndipo wamng'ono ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 8, akadali kuyamwa usiku. Masiku amene tili nawo ndi 10.

Tinaganiza zopita mu Ogasiti, pa tchuthi chachitali cha sukulu, kuti tikaone Osaka, Kyoto, Nara, Hiroshima ndi Tokyo. Amuna anga alemba kale ndandanda ya tsiku ndi tsiku, ndipo ine nditaiwerenga miyendo inayamba kuphwanya ndisanatuluke n'komwe m'nyumba. Ndikupempha amene mukudziwa mutiuze ngati zimenezi n'zotheka ndi ana amsinkhu umenewu, ndiponso ngati mwezi tasankhawu uli bwino.

Bambo wokhala ku Kobe

Amayi, ndiyambe ndi mwezi, chifukwa zina zonse zimatsatira pamenepo. Ine ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindingalangize munthu aliyense kubwera ndi khanda mu Ogasiti. Masana ku Osaka kumatentha kufika madigiri 35 kapena kupitirira, koma chimene chimathetsa anthu mphamvu si dzuwa lokha ayi, ndi chinyezi chimene chili mumpweya. Ine ndinakulira ku Chikwawa ndipo ndinkadzitama kuti kutentha ndimakudziwa, koma kwathu ukakhala pansi pa mtengo umapezako mpumulo, pomwe kuno thukuta siliuma ngakhale uli pamthunzi, ndipo usiku sikuzizira. Mwana wokhala m'chikuku amapsa kuposa mayi ake amene akumukankha, chifukwa iye ali pafupi ndi phula la msewu.

Kuwonjezera apo, pakati pa Ogasiti pali nyengo ya Obon, pamene anthu amabwerera kumidzi kwawo kukakumbukira makolo amene anamwalira, ndipo sitima zimadzaza. Kuyambira Ogasiti mpaka Seputembala ndiyonso nthawi ya anamondwe. Mu Seputembala 2018 namondwe Jebi anamiza bwalo la ndege la Kansai, limene linamangidwa pachilumba chopanga anthu, ndipo sitima ina ya pamadzi inawomba mlatho wolumikiza bwaloli ndi kumtunda, moti anthu ambiri anagona komweko. Sizichitika chaka chilichonse, koma ndi ana atatu musamaike ulendo wanu pangozi yoteroyo.

Miyezi yabwino ndi kumapeto kwa Malichi kulowa mu Epulo, kapena Okutobala ndi Novembala. Pewani kumapeto kwenikweni kwa Epulo mpaka pa 5 Meyi, nthawi imene amaitcha Golden Week, chifukwa dziko lonse limakhala pa tchuthi. Pewaninso Juni mpaka pakati pa Julayi, pamene mvula imagwa mowirikiza.

Bambo a ana atatu, Lilongwe

Ndine mwini wa ndandanda ikunenedwayo, ndipo ndilole ndidziteteze pang'ono. Za mweziwo ndamva, achimwene, ndipo tikhoza kusunthira ku tchuthi cha Pasaka ngakhale kuti n'chachifupi. Koma pa za mizinda, mumvetse kuti ndalama za matikiti a anthu asanu si zamasewera, ndipo ulendo umenewu mwina sitidzaubwerezanso. Ndinawerenga kuti sitima ya Shinkansen imayenda kuchokera ku Tokyo kufika ku Osaka m'maola awiri ndi theka okha, ndiponso kuti pali chiphaso cha Japan Rail Pass chimene munthu amakwerera sitima mmene angafunire. Nanga tingafike kutali konseko n'kubwerera titaona mzinda umodzi wokha?

Bambo wokhala ku Kobe

Achimwene, za maola awiri ndi theka mwawerenga zoona, imeneyo ndi sitima yotchedwa Nozomi. Koma chiphasocho chinakwera mtengo mu Okutobala 2023, ndipo cha masiku 7 chinafika pa mayeni (ndalama za ku Japan) 50,000 kwa munthu wamkulu, pomwe kupita ku Tokyo ndi kubwerera ndi matikiti wamba kumadya pafupifupi mayeni 30,000. Chiphasochonso sichilola Nozomi pokhapokha mutawonjezera ndalama ina. Kuti chikubwezereni ndalama zanu, muyenera kukhala m'sitima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pamenepo ana adzaona Japan kudzera pawindo basi.

Ndiponso simudzaona mzinda umodzi ayi. Mukakhazikika ku Osaka, Kyoto, Nara ndi Kobe yonse ili pamtunda wosakwana ola limodzi pa sitima wamba. Mumapita m'mawa, n'kubwerera kudzagona pabedi lomwelo, katundu wanu osamusuntha.

Mayi wa mapasa, Osaka

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Kobe, ndipo ndikufuna ndionjezepo chinthu chimene ndandanda zambiri zimaiwala, chomwe ndi tulo. Japan ili patsogolo pa Malawi ndi maola 7. Nthawi ikakwana 9 koloko usiku ku Osaka, matupi a ana anu adzakhala akunena kuti ndi 2 koloko masana, ndipo mukawadzutsa 7 koloko m'mawa, kwa iwo ndi pakati pa usiku. Amayi anga atabwera ndi mdzukulu wawo wina wa zaka zitatu, mwanayo anakhala masiku atatu akudzuka cha m'ma 1 koloko usiku n'kumapempha phala, ndipo masana ankagona tulo tofa nato ali m'manja. Masiku awiri oyamba musalembepo chilichonse cholipira. Muwatulutse ana kunja dzuwa liwaombe, akasewere paki yapafupi, ndipo musawalole kugona nthawi yaitali madzulo.

Pa masiku otsalawo, lamulo langa ndi lakuti tsiku limodzi chinthu chachikulu chimodzi. Mutuluke m'ma 9:30, anthu opita kuntchito atachepa m'sitima, chifukwa pakati pa 7:30 ndi 9 koloko njanji ya Midosuji imadzaza moti chikuku simungalowe nacho popanda kupweteka anthu. Mubwerere isanakwane 5 koloko.

Chikuku mubwere nacho, koma chikhale chopepuka chopinda ndi dzanja limodzi. Masiteshoni ali ndi zikepe, koma kawirikawiri chikepe chimakhala kumapeto kumodzi kwa siteshoni, ndipo potulukira pamene mukufuna pamakhala masitepe okhaokha. Ine nditangofika kumene, tsiku lina ndinazungulira pansi pa Umeda, dera la masiteshoni akuluakulu a ku Osaka, mphindi zoposa 30 ndi mapasa akulira, ndikufunafuna chikepe chotulukira kumsewu, chifukwa kunsi kumeneko kuli masiteshoni angapo ndi misika zolumikizana ngati mauna a mbewa. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinayang'ane mapu a siteshoni ndisananyamuke. Masiku ano ndimayamba ndaona nambala ya khomo lokhala ndi chikepe.

Agogo a ku Zomba

Ana anga, ine ndinapitako kukathandiza mwana wanga atabereka, ndipo ndinakhalako miyezi iwiri. Zachikukuzo ndamva, koma inu mayi musasiye zitenje zanu. Pamene chikepe chasowa, mumabereka mwana kumbuyo, chikuku bambo ake apinde anyamule, mukwere masitepe ngati anthu ena onse. Ine ndinkachita manyazi tsiku loyamba, koma agogo ena a ku Japan anandiimitsa m'sitolo akumwetulira, ndipo mwana wanga anandimasulira kuti akunena kuti nawonso analera ana awo powabereka kumbuyo.

Chinanso, mugule masokosi atsopano a banja lonse. Kumeneko nsapato zimavulidwa polowa m'nyumba, m'zipinda zoyala mphasa zawo zotchedwa tatami, m'malo ena odyera ndi m'malo osewerera ana. Sokosi yobooka imene kwathu kuno imabisala mu nsapato, kumeneko imaonekera kwa aliyense. Ana muwagulire nsapato zosavuta kuvula, osati za zingwe.

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Zikomo kwambiri agogo, zitenje ndinyamula, ndipo za masokosi ndawawerengera bambo a kunyumba mokweza. Tsopano funso langa ndi la pogona. Mlamu wanga amakhala m'kachipinda ka ophunzira, ndiye sitingakwanemo. Kodi tifune malo mbali iti ya mzinda? Ndipo poyamwitsa, kodi ndikhoza kuyamwitsa paliponse monga timachitira kuno?

Mayi wa mapasa, Osaka

Achemwali, ine ndingasankhe Tennoji. Sitima ya Haruka yochokera ku bwalo la ndege la Kansai imaima pomwepo popanda kusintha, ndipo pafupi ndi siteshoni pali paki ya kapinga yotchedwa Tenshiba ndi malo osungirako nyama amene anatsegulidwa mu 1915. Masiku awiri oyamba aja mukhoza kuwathera pamenepo. Namba nayonso ndi yabwino pa mayendedwe, koma usiku kumakhala phokoso ndi khamu la anthu, makamaka cha ku Dotonbori.

Zipinda za m'mahotela wamba kuno ndi zazing'ono kwambiri, ndipo chipinda chilichonse chili ndi chiwerengero cha anthu ololedwa kugonamo. Mahotela ambiri amalola mwana wamng'ono kugona pabedi la kholo lake popanda kulipira, koma msinkhu umene amalola umasiyana hotela ndi hotela. Abale anga ena anafika pa hotela ina usiku atalipira chipinda cha anthu awiri osalemba ana, ndipo anauzidwa kuti atenge chipinda chachiwiri. Polipira malo mulembe ana onse atatu ndi zaka zawo. Mufune nyumba za alendo zokhala ndi kakhitchini ndi makina ochapira, kapena chipinda cha tatami choyala matiresi pansi, pamene wamng'onoyo sangagwe pabedi.

Za kuyamwitsa, palibe amene angakukalipireni, koma amayi a kuno sayamwitsa poyera kawirikawiri. M'masitolo akuluakulu ndi m'masiteshoni ena muli zipinda za makanda, zokhala ndi mipando yotchinga ndi nsalu, posinthira matewera ndi madzi otentha opangira mkaka. Mukakhala kutali ndi zipinda zimenezi, chitenje chija chimagwira ntchito yachiwiri. Muziyendanso ndi majumbo, chifukwa nkhokwe za zinyalala m'misewu ndi zosowa ndipo thewera logwiritsa ntchito mukhoza kuyenda nalo tsiku lonse.

Wophunzira wa ku Kyoto

Ndiyankhepo pa za mitengo ya sitima, chifukwa pamenepa banja lanu lili ndi mwayi. Ana a zaka 6 mpaka 11 amalipira theka, ndipo ana osakwana zaka 6 amakwera ulere, awiri pa munthu wamkulu aliyense. Ndiye pa sitima za mumzinda mudzalipirira akulu awiri ndi theka la mnyamata wanu basi. Pokhapokha mukafuna kuti mtsikana wa zaka 4 akhale ndi mpando wakewake wosungitsa, monga mu Shinkansen, pamenepo amafunika tikiti ya mwana. Mugule makhadi a ICOCA, amene mumaikamo ndalama n'kumangogunditsa pageti. Ya mwana imagulidwa pawindo la siteshoni mutaonetsa pasipoti yake.

Pa za Kyoto, ndikupemphani musawatengere ana m'makachisi ambiri. Mabasi a kuno amadzaza ndi alendo, misewu yopita ku makachisi otchuka monga Kiyomizu-dera ndi yokwera ndi yothithikana, ndipo kwa mwana wa zaka 4 kachisi wachitatu ndi wofanana ndi woyamba. Chimene ana amasangalala nacho ndi Kyoto Railway Museum, imene inatsegulidwa mu 2016 ku Umekoji. Muli sitima zenizeni zakale ndi zatsopano, zina mumalowamo, zina mumaziona kunsi kwake, ndipo pali sitima ya malasha imene amakwezamo anthu kamtunda kakafupi. Mnyamata wanu mudzachita kumukoka kuti atuluke. Mukatero, kachisi mmodzi yekha madzulo ndi wokwanira.

Bambo wokhala ku Kobe

Mu Osaka momwemo, malo amene sindinaonepo mwana akunyong'onyeka ndi Kaiyukan, nyumba yaikulu yosungiramo zamoyo za m'nyanja imene ili kudoko, pafupi ndi siteshoni ya Osakako. Mumayamba mwakwera pamwamba, kenako mumatsika pang'onopang'ono mozungulira thanki yaikulu ya pakati, yakuya mamita 9, mmene mumasambira shaki wamkulu wamawangamawanga amene iwo amamutcha jinbei-zame. Nsomba yomweyo mumaiona kuchokera pamwamba, pambali ndiponso pansi. Mwana wanga, amene nsomba yaikulu imene ankaidziwa inali kampango wa ku Mangochi, anakakamira pagalasi osafuna kusuntha. Matikiti ake amakhala ndi nthawi yolowera, ndiye mugulire pa intaneti. Tsiku la mvula mupite ku Kids Plaza Osaka, pafupi ndi siteshoni ya Ogimachi, kumene chilichonse chinapangidwa kuti ana agwire, akwere ndi kuseweretsa.

Nyumba yachifumu ya Osaka Castle ndi yokongola kunja, makamaka maluwa a sakura akamasula kumayambiriro kwa Epulo. Toyotomi Hideyoshi anayamba kuimanga mu 1583, koma nsanja imene ilipo lero ndi ya simenti, yomangidwa mu 1931, ndipo mkati mwake ndi mosungira zinthu zakale. Kuchokera ku siteshoni kufika pansanjayo ndi kamtunda ndithu. Ine ndingati muyale chitenje pakapinga mudye nkhomaliro mukuyang'ana nsanjayo, bambo ndi mnyamata okha akwere.

Bambo a ana atatu, Lilongwe

Ndagonja pa za Hiroshima ndi Tokyo. Koma Universal Studios Japan yokha, paki ya zosangalatsa ya ku Osaka, ndisiyireni, chifukwa mnyamata wanga ndinamulonjeza kale kuti akaona Mario wa m'magemu a pakanema.

Mayi wa mapasa, Osaka

Lonjezo kwa mwana ndi ngongole, bambo, ndiye sindikuletsani, koma ndikuuzeni mmene zilili. Kumeneko ana osakwana zaka 4 ndiwo amalowa ulere, ndiye mtsikana wanu adzalipira. Zokwera zambiri amayamba ayeza kutalika kwa mwana, ndipo wamng'ono ndi wapakatiyo adzabwezedwa pa zambiri. Mbali ya Mario, Super Nintendo World, imene inatsegulidwa mu 2021, pa masiku odzaza imafuna tikiti ina ya nthawi yolowera, ndipo mizere imatha kupitirira ola. Kumapeto kwa Malichi ana a sukulu a kuno amakhalanso pa tchuthi, ndiye kumadzaza kwambiri.

Maganizo anga ndi akuti tsiku limenelo mugawikane. Inu, mnyamata ndi mng'ono wanu mupite ku Mario, amayi ndi ang'onoang'ono akaone nyama ku Tennoji n'kukapumula. Mudzasunga ndalama ya matikiti awiri ndi misozi yambiri.

Wophunzira wa ku Kyoto

Pamenepa nditsutseko pang'ono, amayi. Muli mbali ina yotchedwa Universal Wonderland imene anaipangira ana aang'ono, ndipo mtsikana wa zaka 4 akhoza kusangalala tsiku lonse. Komanso mwana wa msinkhu umenewo akadziwa kuti mchimwene wake wapita kosangalatsa iye n'kusiyidwa, nkhaniyo idzakambidwa mpaka adzakule. Ngati thumba likulola, apite onse pakati pa sabata, alowe m'mawa, amayi ndi khanda atuluke msanga.

Namwino wa ku Blantyre

Ndakhala ndikuwerenga mwachete, koma pali zinthu za umoyo zimene sizinatchulidwe. Choyamba, ku Japan kulibe malungo, ndipo madokotala ambiri sakumana nawo pantchito yawo. Mwana akhoza kulumidwa ndi udzudzu ku Lilongwe, thupi n'kudzatentha patapita sabata ali ku Osaka. Akatentha thupi, muuze dokotala momveka bwino kuti mwachokera kudziko la malungo ndipo mupemphe kuti amuyeze magazi, musalole kuti zithere pa mankhwala a chimfine. Alamu anu alembe mawu amenewa m'Chijapani papepala, muziyenda nalo. Chachiwiri, mugule inshuwalansi ya paulendo ya anthu onse asanu, chifukwa mlendo amalipira yekha ndalama zonse za kuchipatala. Nambala ya ambulansi ndi 119, ya apolisi ndi 110.

Mankhwala a ana amene munazolowera, monga otsitsa kutentha thupi ndi thanzi ORS, munyamule m'mapaketi ake enieni. Koma muwerenge bwino za mankhwala a chimfine a akuluakulu, chifukwa ena okhala ndi pseudoephedrine wambiri saloledwa kulowa m'dzikolo.

Pa chakudya, musamale ndi ziwiri. Takoyaki, timipira tokazinga totchuka ku Osaka, timaoneka tozizira kunja koma mkati mwake ndi motentha kwambiri, ndiye muzititsegula kaye. Mochi, chakudya chomata chopangidwa ndi mpunga wosinja, chimatsamwitsa, ndipo wamng'onoyo musamupatse n'komwe.

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Zikomo anamwino, za malungozo sindikanaziganiza. Popeza mwatchula chakudya, ana anga ndi a nsima, ndipo wapakatiyo ndi wosankha kwambiri. Kodi akadya chiyani?

Agogo a ku Zomba

Mwana wa ku Malawi amene amadya mpunga sangafe ndi njala ku Japan. M'timasitolo totsegula usana ndi usiku, monga Lawson, FamilyMart ndi 7-Eleven, muli mpunga woumba wotchedwa onigiri, mazira owiritsa, nthochi, mkaka ndi nkhuku yokazinga. Zidzukulu zanga zinkakondanso udon, amene ali ngati supageti wonenepa wa mu msuzi, ndipo mbatata yowotcha imagulitsidwa m'masitolo ambiri, yotsekemera kuposa ya ku Jali. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Chimene musayese ndi kunyamula nyama, soseji kapena zipatso zosaphika kuchokera kuno, chifukwa pabwalo la ndege pali agalu onunkhiza katundu ndipo malamulo ake ndi okhwima.

Ku Nara mupiteko, koma ndikuchenjezeni za agwape. Alipo oposa 1,000 ndipo amayenda momasuka pakati pa anthu. Amaweramitsa mutu ngati akupereka ulemu, koma ulemuwo ndi wofuna mabisiketi amene amagulitsidwa pomwepo. Mdzukulu wanga atagwira mabisiketi m'manja, anazingidwa ndi agwape asanu, wina n'kumukoka malaya, ndipo analira mpaka tinafika pakachisi. Mabisiketi agwire bambo, ndipo akatha muonetse manja opanda kanthu, agwapewo amachoka okha. Mkati mwa kachisi wa Todai-ji muli chifanizo cha Buddha chotalika pafupifupi mamita 15, ndipo kuseri kwake kuli mzati wokhala ndi bowo pansi pamene ana amapyolapo chokwawa. Pamenepo ndi pamene mdzukulu wanga anaiwala za agwape.

Bambo wokhala ku Kobe

Titseke mbali ya mapepala ndi ndege. A Malawi amafunika viza, ndipo imatengedwa ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Mwana aliyense, ngakhale woyamwayo, akhale ndi pasipoti yake ndi viza yake. Popeza mukupita kwa m'bale, alamu anu atumize kalata yokuitanani ndi mapepala osonyeza kuti akukhala kuno mololedwa, ndipo mudzafunikanso ndandanda ya masiku anu, ndiye ntchito ya bambo ija sinapite pachabe. Mukafika, lamulo limafuna kuti mlendo aziyenda ndi pasipoti nthawi zonse.

Muyang'anitsitse kumene ndege yanu ikukatera. Ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa imakatera ku Narita, kufupi ndi Tokyo, ndipo kuchokera pamenepo mudakali ndi ola limodzi la sitima kufika mumzinda, kenako maola awiri ndi theka a Shinkansen, ana atatopa kale ndi usiku wa m'ndege. Ngati mtengo sukusiyana kwambiri, mufune tikiti yokathera ku Kansai. Ngati mwatera ku Narita, mugone komweko usiku umodzi, ndipo masutikesi akuluakulu muwatumize ku hotela yanu ya ku Osaka kudzera kwa otumiza katundu amene ali pabwalo pomwepo, amafika mawa lake. Mu Shinkansen ya njira imeneyo, sutikesi imene utali, mulifupi ndi msinkhu wake pamodzi zapitirira masentimita 160 imafuna mpando wosungitsiratu wokhala ndi malo a katundu.

Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Takhala pansi usiku wathawu ndi bambo a kunyumba ndipo ndandanda talembanso. Tipita pa tchuthi cha Pasaka, tigona ku Tennoji masiku onse, awiri oyamba opanda chochita, kenako Kaiyukan, Nara, sitima za ku Kyoto ndi Osaka Castle, tsiku lililonse chimodzi, ndi masiku opuma pakati. Za Mario sitinamvane. Iwo akuti tipite tonse, ine ndikuti apite amuna okhaokha, ndipo mtsikana wathu, amene anamva tikukambirana, wanena kale kuti iye sasiyidwa. Funso lotsala ndi la zovala: kumayambiriro kwa Epulo tinyamule zotani?

Mayi wa mapasa, Osaka

Munyamule ngati mukupita ku Dedza mu Juni. Masana dzuwa likawala juzi imodzi imakwanira, koma m'mawa ndi madzulo kumazizira, makamaka kudoko kumene kuli Kaiyukan chifukwa cha mphepo ya kunyanja. Aliyense akhale ndi jekete yopepuka yovala pamwamba pa juzi, ndipo wamng'onoyo mumutengere chipewa ndi kabulangete ka m'chikuku. Maambulera ndi matewera musadzaze nazo sutikesi, mudzagula konkuno. Chimene mugule musananyamuke ndi adaputala ya magetsi, chifukwa mapulagi a kuno ndi a mano awiri aphwatalala, ndipo a mano atatu a kwathu salowa.